Musanasinthe sprocket ya njinga, khalani pansi awiri



Lero tikambirana za chitsulo. Ena mudabwa kuti tsamba la malangizo a m'banja likukatani ku galaja. Komatu masiku ano makomo ambiri, kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje, akudyera njinga yamoto. Mayi anatenga ngongole ku banki m'khonde, bambo anagulitsa soya, apongozi anaonjezerapo pang'ono, njinga n'kubwera. Ndiyo ikulipira lendi, ndiyo ikugula ufa, ndiyonso ikunyamula mwana popita kusikelo. Tsono chinthu chimene chikudyetsa banja sichingakhale nkhani ya amakaniko okha ayi.

Mkangano wake umayamba chonchi. Bambo afika madzulo nkhope ili yakugwa: "Mayi a mwana, njingayi ikufunika sprocket ina, anzanga pasiteji akumandisiya." Mayi sakudziwa kuti sprocket n'chiyani, akungoona ndalama ya ndiwo ikutuluka. Patatha milungu iwiri bambo abweranso ndi ina: njinga ikukanika chitunda, kilatchi ikununkha, mafuta akutha msanga. Mayi afunsa kuti, "Kodi ndalamazi mukupita nazo kuti?" Basi, nkhani ya mano a chitsulo yasanduka ya kwa ankhoswe.

Izi n'zopeweka. Chofunika n'choti nonse awiri mudziwe chimene mukugula. Musaope, masamu ake ndi a Sitandade 5.

Kodi sprocket n'chiyani?

Tayang'anani pomwe tcheni cha njinga chadutsa. Chakola pa zitsulo ziwiri zozungulira zokhala ndi mano. Chaching'ono chili ku injini, kuseri kwa chivindikiro. Chachikulu chili pa gudumu la kumbuyo. Zitsulo ziwirizi ndizo masprocket.

Injini ya njinga imazungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, pomwe gudumu la njinga yoyenda makilomita 60 pa ola limazungulira maulendo ongopitirira pang'ono 500. Ndiye kuti pakati pa injini ndi gudumu pali zinthu zimene zimachepetsa liwiro la kuzungulirako n'kulisandutsa mphamvu yokoka. Zimenezi zimachitika m'malo atatu. Poyamba ndi m'kati mwa injini, pomwe mphamvu imalowera ku kilatchi. Pachiwiri ndi m'bokosi la magiya, aja oyendetsa amaponda ndi phazi, anayi kapena asanu. Pomaliza ndi pa tcheni ndi masprocket awiri aja. Malo awiri oyambawo anakonzeratu ndi a ku fakitale. Malo achitatuwa ndi amene munthu angathe kusintha ndi sipanala, n'chifukwa chake aliyense amathamangira pomwepo.

Amene munapalasapo njinga ya magiya mukuidziwa kale nkhaniyi. Pachitunda mumaponyera tcheni pa kachitsulo kakakulu ka kumbuyo: miyendo ipepukidwa koma njinga iyenda pang'onopang'ono. Pamalo osalala mumachiponyera pa kakang'ono: njinga ithamanga koma miyendo imva kulemera. Injini nayo ndi miyendo basi.

Werengani mano

Tengani choko, lembani chizindikiro pa dzino limodzi, muwerenge mozungulira mpaka mubwerere pomwe munayambira. Masprocket ambiri anadindapo kale nambala ya mano, mungopukuta girisi muiona. Kenaka gawani mano a kumbuyo ndi mano a kutsogolo.

Tiyerekeze kuti njinga yanu ili ndi mano 14 kutsogolo ndi 42 kumbuyo. Mukagawa 42 ndi 14 mupeza 3. Tanthauzo lake n'loti sprocket ya ku injini ikazungulira katatu, gudumu lazungulira kamodzi.

Gwirani mfundo iyi, ndiyo mwini nkhani. Yankho likakwera, njinga imakoka kwambiri koma liwiro limatsika. Yankho likatsika, njinga imatha kuthamangirapo koma mphamvu yokoka imachepa.

Mukaika ya mano 15 kutsogolo, 42 kugawa ndi 15 ndi 2.8. Pomwe njinga inkayenda makilomita 60 pa ola, tsopano pa kulira komweko kwa injini iyenda pafupifupi 64. Koma mphamvu yonyamukira ndi yokwerera chitunda yatsika ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo yatsika m'magiya onse, kuyambira giya yoyamba mpaka yomaliza.

Mukasiya 14 kutsogolo n'kuika ya mano 45 kumbuyo, yankho ndi 3.2. Mphamvu yokoka yakwera ndi 7 peresenti, koma 60 uja watsikira pa 56. Kuti mufikenso pa 60, injini iyenera kulira kwambiri kuposa kale.

Mwaonatu kuti pa njinga yotereyi dzino limodzi kutsogolo likufanana ndi mano atatu kumbuyo. Choncho munthu akakuuzani kuti "tingosintha dzino limodzi lokha", mufunse kuti la kuti. La kutsogolo si laling'ono monga likumvekera.

Walira mvula walira matope

Sprocket siionjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Injini ya 125cc ikhalabe ya 125cc, ya 150cc ikhalabe ya 150cc. Chimene sprocket imachita n'kugawa mphamvu yomwe ilipoyo: ikakupatsani liwiro yakulandani kukoka, ikakupatsani kukoka yakulandani liwiro. N'chimodzimodzi ndi malipiro a pamwezi. Mukachulutsa ya zovala, ya ndiwo ichepa. Palibe makaniko amene angakupatseni zonse ziwiri, ndipo amene akulonjeza zimenezo akufuna ndalama zanu.

Pali chinanso chimene anyamata ambiri sachidziwa. Kuika sprocket "yothamanga" sikutanthauza kuti njinga ithamangadi. Njinga ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi. Injini yaing'ono, itanyamula anthu awiri, imafika poti mphamvu yatha. Mukailemetsanso ndi sprocket, mu giya yomaliza imangobuula osakoka. Oyendetsa amayamba kutsitsa giya pafupipafupi, kutsegula mafuta mpaka kumapeto, ndi kuyenda atafinya kilatchi theka kuti njinga isazime ponyamuka. Mapeto ake kilatchi ipsa, mafuta amene ankati apulumutsa apita, liwiro lomwe ankalifuna osalipeza.

Mbali inayo ilinso ndi mtengo wake. Sprocket yaikulu kwambiri kumbuyo imachititsa injini kukuwa pa msewu wautali. Njinga imanjenjemera, manja amachita dzanzi, mafuta amapita ambiri ndipo injini imakalamba msanga.

Tsono tisankhe bwanji?

Yambani ndi mafunso atatu, ndipo muwayankhe muli awiri. Kodi njingayi imayenda msewu wotani masiku ambiri? Imanyamula chiyani? Ikudandaula chiyani pakadali pano?

Ngati mumakhala kumapiri, monga kumtunda kwa Ndirande, ku Chilobwe, ku Bangwe, m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Thyolo kapena Rumphi, ndipo ntchito yanu ndi yonyamula anthu ndi matumba pa misewu ya fumbi, bwenzi lanu ndi mphamvu yokoka. Chizindikiro chake n'choti njinga imavuta kunyamuka ikasenza, ndipo pachitunda chomwe anzanu akukwera mu giya yachiwiri inu mumatsikira mu yoyamba. Pamenepo mano awiri kapena atatu oonjezera kumbuyo angathandize. Munthu amene tsiku lililonse amakwera msewu wa Golomoti kupita ku Dedza, wa ku Chiweta, kapena wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre alibe chochita ndi sprocket ya liwiro.

Ngati ulendo wanu ndi wautali pa tala wosalala, monga kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji kapena ku Kasungu, kapena m'chigwa cha Shire pakati pa Nchalo ndi Bangula, ndipo nthawi zambiri mumakhala nokha kapena ndi katundu wopepuka, nkhani ndi ina. Chizindikiro chake n'choti muli mu giya yomaliza koma phazi likufunafuna giya ina, injini ikukuwa. Pamenepo dzino limodzi loonjezera kutsogolo lingaipumitse injini.

Koma ngati mumayenda ponseponse, m'mawa kumsika, masana kuchigayo, madzulo kutauni, siyani mmene inabwerera. Amene anapanga njingayo anasankha nambalazo atayesa misewu yosiyanasiyana. Kwa mabanja ambiri amene akuwerenga pano, langizo langa ndi lomweli: bwezerani mano omwe analipo.

Ndipo musanaimbe mlandu sprocket, onani kaye zina. Njinga yomwe kale inkakwera bwino koma lero ikufooka siinasinthe mano usiku. Mwina sefa ya mpweya yadzaza fumbi, pulagi yatha, matayala aphwa, mabuleki akugwira okha, kilatchi ikuterera, kapena tcheni chauma. Kusintha sprocket pa njinga yodwala kuli ngati kugulira nsapato zatsopano munthu wa malungo.

Mukaganiza zosintha

Sinthani mbali imodzi yokha, ndiponso pang'ono: dzino limodzi kutsogolo, kapena awiri atatu kumbuyo. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Pofuna mphamvu yokoka, ena amachepetsa ya kutsogolo chifukwa ndiyo yotchipa. Zoona, 42 kugawa ndi 13 ndi 3.2, mofanana ndi kuja. Koma sprocket yaing'ono imapinditsa tcheni kwambiri, ndipo mano ochepa ndi amene amasenza ntchito yonse, choncho zonse ziwiri zimatha msanga. Ngati thumba likulola, kuonjezera kumbuyo ndiko kwabwino.

Dziwaninso kuti sprocket yaikulu kumbuyo imafuna tcheni chotalikirapo. Nthawi zina malo osunthira gudumu amakwanira, nthawi zina pamafunika kuonjezera malinki awiri. Funsani zimenezi musanalipire, kuti mtengo wonse muudziwiretu kunyumba.

Apa amayi tcherani khutu. Sprocket yaikulu nthawi zina imakhula chotchingira tcheni, ndipo amakaniko ena amangochichotsa n'kuchitaya pakona. Musalole. Chotchingiracho ndicho chimateteza chitenje chanu, siketi ya kasitomala ndi phazi la mwana. Nsalu ikakodwa m'tcheni njinga ili pa liwiro, munthu amakokedwa n'kugwa osadziwa chomwe chachitika. Ngati sprocket yatsopano siikulolana ndi chotchingira, ibwerere kusitolo.

Popita kogula, tengani sprocket yakale m'manja kuti mufananize mabowo a mabauti ndi pakati pake. Onaninso nambala ya tcheni, imadindidwa m'mbali mwa malinki. Njinga zambiri zazing'ono zimagwiritsa ntchito tcheni cha 428, zina cha 420, pomwe zikuluzikulu zimakhala ndi cha 520 kapena kuposa. Cha 420 ndi cha 428 zimaoneka ngati zofanana chifukwa kutalika kwa linki ndi kumodzi, mamilimita 12.7, koma m'lifupi zimasiyana. Sprocket ndi tcheni zikhale za nambala imodzi.

Zitatu zimayendera limodzi

Pano ndi pomwe mabanja ambiri amatayira ndalama poganiza kuti akusunga. Tcheni ndi masprocket awiri zimatha pamodzi, ndipo zimazolowerana. Mukaika tcheni chatsopano pa mano akutha, manowo achidya m'kanthawi kochepa. Mukaika sprocket yatsopano pa tcheni chotamuka, tchenicho chiidya. Mwezi uno mwagula ichi, mwezi wamawa icho, mwezi winawo mwabwereranso pa choyamba chija. Kuli bwino kudikira pang'ono, kusonkhanitsa ndalama, n'kugula zonse zitatu tsiku limodzi.

Ndiye nthawi yabwino yosinthira nambala ya mano ndi pamene zakalezo zatha kale. Musachotse zitsulo zamoyo chifukwa cha nkhani za pasiteji.

Mudziwa bwanji kuti zatha? Mayi, izi mukhoza kuona nokha njinga itaima pakhonde, injini itazimitsidwa. Mano abwino amakhala ofanana mbali zonse ziwiri ndipo kunsonga kwake n'kophwatalala. Mano akutha amasongoka ndi kupindikira mbali imodzi ngati mbedza. Kenaka gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sprocket yaikulu, muchikokere kumbuyo. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Tcheni chotere chimavuka, ndipo chikavuka chikhoza kukola gudumu la kumbuyo n'kuliumitsa njinga ili pakati pa msewu.

Pogula, chenjerani ndi zonyezimira zotchipa. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani anzanu amene ayendera mtundu umenewo kuti unawatha miyezi ingati.

Kope la pakhomo

Musakangane ndi pakamwa, kanganani ndi kope. Musanasinthe kanthu, dzazani thanki mpaka pakamwa, mulembe nambala ya makilomita yomwe ili pa wotchi ya njinga. Yendani monga mwa masiku onse. Mukadzazanso, lembani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda. Ngati mwayenda makilomita 200 ndipo mwathira malita 5, ndiye kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 40. Chitani zimenezi kwa milungu iwiri. Mukasintha sprocket, chitaninso chimodzimodzi pa misewu yomweyo.

Kopelo lisungidwe ndi mayi. Si kuti bambo ndi akuba ayi, koma amene wakhala pa njinga tsiku lonse amafika atatopa, ndipo makutu amanama: njinga ikasintha kalilidwe munthu amaganiza kuti yasinthanso kadyedwe. Manambala akaonetsa kuti mafuta akupita ambiri ndipo ndalama yolowa siinakwere, bwezerani zakale popanda kunyozana. N'chifukwa chake sprocket yakale, ngati ikadali yabwino, musamaisiye ku galaja.

Ngati njingayo ndi ya abwana ndipo inu mumangoyendetsa n'kumapereka ya tsiku, musasinthe kalikonse musanawauze. Ngati ndi yatsopano kapena ya pangongole, funsani kaye kumene munaitenga, chifukwa ogulitsa ena amakana kukonza njinga yomwe mwini wake waisintha yekha.

Kwa inu makolo

Mnyamata wanu akabwera kudzapempha ndalama ya sprocket, musangomukalipira, komanso musangomupatsa. Mufunseni modekha: "Mwanawe, ukufuna ya mano angati, ndipo ilipoyo yalakwa chiyani?" Akati akufuna yaikulu kumbuyo chifukwa njinga ikumuvuta kukwera ndi katundu, ameneyo akuganiza za ntchito. Akati akufuna yaing'ono kumbuyo kapena yaikulu kutsogolo chifukwa anzake akumupitirira, khalani naye pansi.

Muuzeni kuti sprocket imasintha kathamangidwe koma mabuleki amakhala omwe aja, matayala omwe aja, mafupa ake omwe aja. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti njinga iime buleki itagwira umawirikiza kanayi. Mwana wa sukulu akadumphira mumsewu, kapena mbuzi ikatulukira m'chimanga, masamu amenewa sanyengerera munthu. Amene anapitako kukaona odwala ku wodi ya mafupa ku Queens kapena ku Kamuzu Central akudziwa kuti ambiri ogona m'menemo ndi anyamata a njinga ndi anthu amene anawanyamula. Kuthamanga sikufika. Kasitomala wanzeru, makamaka mayi wa mwana kumsana, amabwerera kwa woyendetsa wodekha.

Nanunso a mphamvu yokoka musadzitame. Njinga ikayamba kukoka bwino, mtima umati tionjezere thumba lina, tikweze munthu wachitatu. Injini ikhoza kulola, koma mabuleki, mashoko ndi masipoko sanauzidwe za sprocket yatsopanoyo. Njinga inapangidwira woyendetsa ndi wokwera mmodzi, onse atavala zisoti. Ndipo pamtsetse, lekani chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika fuli pofuna kusunga mafuta. Tsikani muli mu giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira njinga, apo ayi mabuleki amatentha n'kusiya kugwira musanafike pansi.

Kusamala zomwe mwagula

Masprocket abwino amathanso msanga ngati tcheni sichisamalidwa. Chikhale ndi mpata woti chizigwedezeka masentimita awiri kapena atatu mukachikankha ndi chala pakati, pokhapokha buku la njinga yanu litanena zina. Chomangitsa kwambiri chimaononga mabering'i ndipo chimatha kuduka njinga ikagwa m'dzenje. Cholendewera chimavuka. Pomanga, onetsetsani kuti zizindikiro za mbali zonse ziwiri za gudumu zafanana, kuti tcheni chiyende mowongoka. Kaloko kolumikizira tcheni kaikidwe mbali yake yotseka italoza komwe tcheni chikupita.

Tsukani ndi parafini ndi kaburashi, pukutani, kenaka thirani oyilo. Oyilo wa magiya wa nambala 80 kapena 90 amagwira bwino. Kuthira oyilo pamwamba pa mchenga n'kupanga chonolera, mano amaperesedwa mukuona. Chitani zimenezi pafupifupi makilomita 500 aliwonse, ndipo nyengo ya mvula ndi matope musadikire kufika pamenepo. Chonde, injini ikhale yozimitsa, gudumu muzizunguza ndi dzanja. Zala zambiri zaduka chifukwa chopukuta tcheni injini ikulira, ndipo ana asamayandikire pamene ntchitoyi ikuchitika.

Bambo, masana ano mukabwera kotchalitchi kapena kokacheza, itanani mayi a kunyumba muwaonetse masprocket awiri aja, muwerengere limodzi mano, mulembe manambalawo patsamba loyamba la kope. Mayi, musanene kuti za zitsulo n'za amuna. Ngongole ija inalembedwa dzina lanu, ndipo pa njingapo pamakwera mwana wanu. Tsiku lomwe makaniko adzati "tisinthe", mudzakhala ndi funso loti mumufunse: mano angati, mbali iti, ndipo tikutaya chiyani?

Tionana Lamulungu likubwerali. Yendani bwino pamsewu.